Mayi Mahala Crenshaw, Amene Anaombola Mwana Wawo ndi Bodza

Abusa, madikoni, amayi a mpingo, ndi inu nonse amene mwasiya makasu kudzaperekeza thupi ili, ine ndine Viney Tolliver, mdzukulu wa malemu, mwana wa mayi Chaney. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri ya agogo athu. Polemba mbiriyi tinatsutsana kunyumba. Ena amati tidumphe chaka cha 1877, poti pamaliro si poutsira zakale. Koma akuluakulu ambiri mwakhala panonu munalipo chaka chimenecho, ndipo tikadachidumpha mukadamva kuti tadumpha. Choncho ndiwerenga zonse monga zinachitikira.

Malemu dzina lawo ndi Mayi Mahala Crenshaw. Anabadwira ku Virginia cha m'ma 1822, pa munda wina wa fodya. Tsiku lenileni sankalidziwa chifukwa panalibe wowauza. Mayi awo anali a Hagar, koma bambo awo sanawaonepo. Ali kamtsikana kosatha msinkhu, mwini mundawo anamwalira, ana ake nagawana katundu, ndipo malemu anagwera m'gulu la zogulitsa. Anayenda pansi kuchokera ku Virginia kufika kuno ku Mississippi, atamangidwa chingwe chimodzi ndi atsikana anzawo. Mayi awo sanawaonenso. Kuno anagulidwa ndi banja la a Strother, eni minda ya thonje ya kutsidya kwa mtsinje wa Sandy Fork.

Paubwana wawo sukulu sanapite, pakuti kapolo wopezeka ndi buku ankakwapulidwa. Anayamba ndi kuthyola thonje, kenaka anawaika kochapa zovala za m'nyumba yaikulu. Kumeneko gogo wina dzina lake Easter anawakonda, nawaphunzitsa uzamba. Ntchito ziwiri zimenezi, kuchapa ndi kubereketsa, ndi zimene anagwira mpaka manja awo atakana.

M'chaka cha 1843 anakwatiwa ndi Bambo Isom Crenshaw, mmisiri wa matabwa, kapolo wa pa munda womwewo. Ukwatiwo sunalembedwe m'buku lililonse, koma unakhala zaka makumi awiri popanda wina kumva kuti kwa a Isom kwaphwanyika mbale. Mulungu anawapatsa ana asanu. Awiri anamwalira ali akhanda. Woyamba, amene anamutcha Hagar pokumbukira mayi awo, anagulitsidwa mu 1859 kwa munthu wa ku Texas. Otsala anali mayi anga a Chaney, ndi mzime wawo, amalume a Lemuel, amene anabadwa mu 1856.

Nkhondo ya a Kumpoto ndi a Kummwera itabuka, Bwana Harlan Strother anapita kukamenya, kunyumba nkutsala mkazi wake, Dona Augusta. Kumayambiriro kwa 1863 boma linafuna amuna okakumba maenje a asilikali ku Vicksburg, ndipo linatenga akapolo m'minda yonse ya kuno. Agogo aamuna a Isom anatengedwa. Sipanapite nthawi, mbiri inayamba kumveka yakuti okumbawo akutha ndi kamwazi, ndipo akugona pamatope opanda chofunda.

Malemu anamva kwa anthu a kukhitchini kuti Bwanamkubwa wa Mississippi amatha kulamula kuti kapolo abwezedwe, ngati mwini wake atapempha. Mkazi wa munthuyo sakanatha kupempha, ana ake sakanatha kupempha. Choncho anapita kwa Dona Augusta, nagwada pakhonde, namuchonderera kuti alembe. Donayo analemba, ndipo atamaliza anawawerengera mokweza kuti amve mmene wawachitira chifundo. Pempholo linkanena kuti denga la nkhokwe likudontha, ngolo ziwiri zathyoka, ndipo munda wa msilikali wokhulupirika ukugwa chifukwa mmisiri wake walandidwa. Za mkazi ndi ana munalibe ngakhale liwu limodzi. Malemu anathokoza, nabwerera ku zochapa zawo.

Yankho linabwera lovomereza, koma linapeza a Isom atakwiriridwa kale m'dzenje limodzi ndi anzawo, popanda chizindikiro. Donayo analembanso kachiwiri, kupempha kuti boma limulipire chifukwa cha katundu wake wowonongeka. Agogo ankatiuza kuti chaka chimenecho ndi pamene anadziwa kuti khomo la Bwanamkubwa lilipo ndithu, koma wogogodapo ayenera kukhala wa dzanja loyera.

Ufulu utabwera mu 1865, malemu sanadikire kuti auzidwe kawiri. Anamanga mtolo, nagwira ana awo awiri, naoloka mtsinje kubwera tsidya lino, ndipo analumbira pamaso pa anthu kuti phazi lawo silidzapondanso pabwalo la a Strother. Mlembi wa boma amene ankalemba maina a omasulidwa atawafunsa ngati awalembe kuti Mahala Strother, iwo anayankha kuti: "Dzina limenelo ndalichapa zaka makumi atatu koma siliyera. Lembani la mwamuna wanga." Akuluakulu ena pano mukukumbukira mmene mzere wonse unasekera, mpaka mlembi yemwe.

Zaka khumi zotsatira ndi zimene malemu anayenda mutu uli m'mwamba. Anali m'gulu la anthu amene anayambitsa mpingo uno mu 1867, ukadali chisakasa cha masamba pansi pa mitengo iyo. Matabwa oyamba a tchalitchichi anawasenza nawo pamutu. Mu 1870, pamene anthu akuda anali atayamba kuvota ndi kukhala m'mipando ya boma, mpingo unalemba pempho kwa Bwanamkubwa wa nthawiyo kuti kuno kubwere mphunzitsi. Yankho linabwera, mphunzitsinso anabwera. Malemu, ali pafupi ndi zaka makumi asanu, anakakhala pabenchi limodzi ndi tiana ta mamina mpaka anadziwa kulemba dzina lawo. Ankalilemba paliponse, pa dothi la pakhomo, pa chivundikiro cha mbiya ya ufa, mpaka amalume ankawaseka kuti tsiku lina adzawalemba iwonso pamsana.

Mpingo unawasankha kukhala mayi wa mpingo, ndipo ankakhala pabenchi lakutsogolo ili atavala duku loyera. Lilime lawo linali lakuthwa, ndipo amuna ankaliopa. Chisankho china, azungu ataopseza kuti wopita kukavota asabwererenso kumunda, dikoni wina anati iye akudwala m'mimba. Malemu anamupeza pakhomo pake nati: "Achimwene, vulani bulukulo mundibwereke ndikavote, inu mutsale muziyamwitsa ana." Dikoniyo anachira nthawi yomweyo. Ndatchula zimenezi kuti achinyamata mudziwe kuti mayi wofatsa amene munkamuona kumbuyo kwa tchalitchi sanabadwe wofatsa.

Mu 1875 zinthu zinatembenuka. Azungu a mfuti analandanso boma, ndipo chaka chotsatira anakhazikitsa lamulo lakuti wakuba nkhumba akhoza kumangidwa mpaka zaka zisanu. Nthawi imeneyo malemu ankalima kamunda kobwereka, moyandikana ndi mzungu wina dzina lake Tate Burrage, amene nkhumba zake zinkangoyenda mwaufulu. Imodzi inazolowera mbatata za agogo. Anakadandaula, Burrage nkuwaseka. Anakadandaulanso, iye nati amange mpanda ngati ali ndi matabwa. Tsiku lina atapeza mizere yonse yafukulidwa, malemu anapsa mtima, nauza mwana wawo kuti: "Ikabweranso usandiuze. Undibweretsere yowawula kale."

Amalume a Lemuel, mnyamata wa zaka makumi awiri, anamvera mayi awo. Nkhumbayo malemu anaiphika okha, nagawirako anansi, ndipo ena amene anadya nyamayo ali pano lero. Nkhani inafika kwa Burrage. Khoti silinachedwe nayo, linagamula zaka zisanu. Amalume sanatchule mayi awo m'khoti, ndipo malemu ataimirira kuti anene kuti wolamula anali iwo, a khoti anawakhazika pansi. Masiku amenewo, monganso lero, akaidi ankabwereketsedwa kwa anthu a ntchito zawo. Amalume anaperekedwa kwa munthu wina amene ankakonza njira ya njanji m'madambo a kumadzulo.

Patatha chaka, bambo wina amene anatsiriza chilango chake kumeneko anadzera kuno, nafunsa nyumba ya mayi ake a Lemuel. Anawauza kuti mwana wawo miyendo yatupa ndi unyolo, zilonda zikununkha, akutsokomola, ndipo woyang'anira amakwapula aliyense wotsalira m'mbuyo. Ananena mosabisa kuti thonje la chaka chamawa mnyamatayo sadzaliona. Anawauzanso kuti iye anaonapo akaidi awiri akumasulidwa chifukwa Bwanamkubwa anawakhululukira, abale awo atapempha.

Malemu anathamangira kwa Mbusa Elias Redd, amene tsopano anagona. Abusa analemba pempho labwino, lofotokoza za mbatata, za ubwana wa mnyamatayo, ndi za mayi wamasiye amene analibe wina womulimira. Pa Sabata anthu anaitanidwa kutsogolo kudzaika maina. Ambiri anaika, ena kamtanda, ena dzina, ena anatulukira khomo lakumbali poopa eni minda yawo. Dzina loyamba linali la malemu, lolembedwa ndi dzanja lawo. Pempholo linatumizidwa ku Jackson, kumene kumakhala Bwanamkubwa. Dzinja linatha, chimanga chinacha, yankho osabwera.

Kenaka anapita kutauni kukafunsa kwa mlembi wa loya wina, amene ankamuchapira malaya. Iyeyo anawamvera chisoni, nawauza zoona. Anati mapempho otere amafika milumilu, ndipo la maina a anthu akuda okhaokha limapita pansi pa mulu. Pankafunika maina a eni minda, a woweruza, ndi a mzungu wolemekezeka amene angalumbire kuti mnyamatayo amamudziwa chibadwire. Mzungu wotero analipo mmodzi yekha. Malemu anabwerera kunyumba. M'mawa mwake anavala duku lakuda, naoloka mtsinje kupita pabwalo limene analumbira kuti sadzapondanso, nakagogoda ku khomo lakuseri la a Strother.

Bwana Strother anali atabwerako kunkhondo ndi mkono umodzi, ndipo chaka chimenecho ankapikisana nawo pa chisankho cha aphungu. Anawalandira mosangalala, nawatcha Mahala wathu, nalamula kuti awapatse khofi kukhitchini. Anamva nkhani yonse, nati kulemba alemba, ndipo anzake asaina. Koma anati naye ali ndi kapempho. Loweruka likudzalo kunali msonkhano wake wokopa anthu pabwalo la khoti, ndipo ankafuna munthu wakuda wodziwika, wa mpingo, aime pambali pake auze anthu mmene akapolo ankakhalira bwino kwa a Strother. Anati akaganize kaye. Malemu anayankha kuti palibe choganiza, adzabwera. Ankatiuza kuti mawuwo anatuluka okha, ndipo atawamva m'makutu mwawo analakalaka nthaka itang'ambika.

Sanauze abusa, sanauze mayi anga. Loweruka limenelo, mu Okutobala 1877, pabwalo la khoti panadzaza azungu a m'midzi yonse. Anaotcha nkhumba zathunthu, kachasu akuyenda m'mabotolo. Anthu athu amene anapita kutauni kukagula mchere ndi palafini anaima kunja kwa mpanda kuonerera. Ndi pamene anaona mayi wa mpingo wawo akukwezedwa pangolo. Bwana Strother anawaika dzanja lake limodzilo paphewa, nayamba kuwafunsa mokweza.

"Azakhali, tawauzeni anthuwa. Kwathu kuja munagonapo ndi njala?"

"Iyayi, bwana."

"Nanga mwamuna wanu Isom, tinamuzunzapo ife?"

"Iyayi, bwana. Ankasamalidwa bwino."

"Tsono ufulu umenewu wakupatsani chiyani?"

"Mavuto okhaokha, bwana. Kale kunali bwino."

Munthu wina kumbuyo anakuwa kuti sanamve, ndipo malemu anabwereza mokweza kuti kale kunali bwino. Khamu lonse linaomba m'manja, ena akuponya zipewa m'mwamba. Atatsika pangolo, mayi wina wachizungu anawapatsa mbale ya nyama ya nkhumba. Iwo anailandira, nadutsa nayo pakati pa anthu a mpingo wawo pachipata, maso ali pansi. Anazindikira atafika pa mlatho kuti mbale ija akadali nayo m'manja.

Bwana Strother anasunga mawu ake. Analemba pempho, nalizunguliza kwa eni minda, ngakhale Burrage yemwe anasaina. Pamene malemu anatenga cholembera kuti alembe dzina lawo pansi, iye anawagwira dzanja nati aike kamtanda basi, chifukwa nkhalamba yosadziwa kulemba imamvetsa chisoni kuposa yodziwa. Anaika kamtanda. Pepalalo malemu sanafune kulitumiza pa positi. Anagulitsa nkhuku zawo, nakwera sitima koyamba m'moyo wawo kupita ku Jackson. Kumeneko anakhala pabenchi la m'khonde pamodzi ndi anthu ena odandaula, amayi amasiye a asilikali, amuna odulidwa miyendo opempha thandizo, makolo a akaidi, oyera ndi akuda. Bwanamkubwa sanamuone ndi maso. Pepalalo analipereka kwa mlembi wapakhomo, nabwerera kwawo. Kumayambiriro kwa 1878, amalume a Lemuel anakhululukidwa.

Pano banja landiuza kuti ndinene chilungamo mbali zonse. Mawu amene malemu anayankhula pangolo paja anavulaza anthu. Nyuzipepala ina inawasindikiza, ina nkukopera, ndipo anawerengedwa m'misonkhano ya madera akutali monga umboni wakuti anthu akuda eni ake akulira ukapolo. Bwana Strother anapambana chisankho. Chaka chotsatira miyezi ya sukulu yathu inadulidwa. Ana a azungu ankati akakumana ndi bambo wachikulire wakuda pamsewu, amamukuwiza kuti kale kunali bwino. Anthu amene anali ndi zipsera za chikoti pamsana, amene ana awo anagulitsidwa, anamva ngati alavuliridwa ndi m'bale wawo. Mkwiyo wanu unali ndi chifukwa, ndipo malemu sanautsutsepo.

Mpingo sunakhale pansi kuweruza nkhaniyi. Palibe anawadula, palibe anawaitana kuti afotokoze. Pa Sabata lotsatira msonkhano uja, malemu analowa monga mwa masiku onse, napeza amayi a pabenchi lakutsogolo atakhala motambasuka, madiresi atayalidwa, malo osaoneka. Anaima kanthawi kochepa. Palibe anasendera. Anatembenuka, nayenda pakati pa mpingo wonse mpaka benchi lomaliza la pafupi ndi chitseko, pamene pamalowa mphepo. Pamenepo anakhalapo zaka makumi awiri ndi chimodzi. Duku loyera analipinda, osalivalanso. Ana anawapatsa dzina lakuti a Kalekunalibwino, ndipo makolo ankamva ana awo akuliimba osawaletsa.

Atakhululukidwa, amalume anawabweretsa pangolo, atagona pa udzu, ali mafupa okhaokha. Zala zitatu za phazi lamanzere zinali zitaola, ndipo zinadulidwa. Malemu anawasamala miyezi yambiri, kuwatsuka zilonda, kuwamwetsa msuzi ndi supuni ngati khanda. Anapempha mayi anga kuti asanene kanthu mpaka wodwala atalimba. Atayamba kuyenda ndi ndodo, amalume anapita kusitolo, ndipo kumeneko anyamata anzawo anawauza mtengo umene anagulidwa nawo. Anabwerera kunyumba napeza mayi awo akusita. Mayi anga analipo, ndipo ndi iwo anandiuza mawu ake.

"Amayi, za abambo zija munanenadi? Kuti ankasamalidwa bwino?"

"Ndinanena, mwanawe."

"Bola mukanandisiya ndifere m'matope momwemo."

Malemu anaika simbi pamoto, natuluka kukaanula zovala zimene zinali zisanaume. Kuyambira tsiku limenelo mayi ndi mwana ankadya m'nyumba imodzi ngati alendo. Mu 1879, anthu ambiri a kuno atanyamuka kupita ku Kansas kukafuna malo awoawo, amalume anapita nawo. Anatsanzika mlongo wawo yekha, nati iye ndiye akauze amayi.

Moyo wa malemu sunaime. Anapitiriza kuchapa, anapitiriza uzamba. Amayi omwewo amene sanasendere pabenchi, mwana wawo wamkazi akayamba kumva kupweteka, ankatuma munthu kwa a Mahala, pakuti mzamba wina wodalirika kunalibe. Malemu ankanyamula kathumba kawo napita. Sanakanepo, sanakumbutsepo munthu za benchi. Mwana akabadwa ankamusambitsa, kumupereka kwa mayi wake, nkutulukira khomo lakuseri asanapatsidwe mpando. Ndikayang'ana pano ndikuona kuti amene muli ndi zaka zosapitirira makumi atatu, ambiri a inu dzanja loyamba kukugwirani ndi ili lagona m'bokosili.

Panalinso ntchito ina imene sitinkaitchula. Lamulo la nkhumba lija linameza anyamata ambiri a kuno, ndi malamulo ena ofanana nalo. Mwana wa munthu akamangidwa, mayi wake ankabwera kwa agogo mozemba, podzera kumunda, kudzafunsa kuti kwa Bwanamkubwa amapitako bwanji. Malemu ankawakhazika pansi, kuwafotokozera amene ayenera kusaina, mawu amene azungu amakonda kumva, sitima yokwera, khomo lolowera. Ena anawaperekeza okha mpaka ku Jackson. Ankawachenjeza kuti kumene akupitako akafunsidwa kugwada, ndipo aliyense adziyese yekha kuti angagwade mpaka pati. Ana ena anabwerera, ena ayi. Koma pa Sabata amayi aja ankadutsa benchi lomaliza ngati palibe munthu, ndipo malemu ankayang'ana m'buku la nyimbo kuti asawavutitse.

Banja linayesa kuwachotsa manyazi amenewa, koma linalephera. Mayi anga ankawauza kuti anachita chimene mayi aliyense akanachita. Iwo ankayankha kuti ananama pa dzina la mwamuna wawo amene anagona m'dzenje lopanda chizindikiro, ndipo asawakometsere. Ankanenanso kuti mwana wawo anamulowetsa okha m'ndende ndi pakamwa pawo, namutulutsanso ndi pakamwa pomwepo, ndipo paulendo wonsewo panalibe choti munthu anyadire. Ine nditakula, nditayamba kuphunzitsa sukulu, ndinawafunsa ngati akanakana atapatsidwa tsikulo kachiwiri. Anapukuta manja pa epuloni, nati: "Ndikanakweranso pangolopo, mdzukulu wanga. N'chifukwa chake ndilibe poika nkhope." Dzina lawo sindinawaonepo akulilemba. Ndinadziwa kuti amatha kulemba nditauzidwa ndi mayi anga.

Matenda anawayamba mu Disembala chaka chathachi. Anagwa pa chitsime, mbali yakumanja nkufooka, ndipo kuzizira kwa mu Febuluwale kunawabweretsera chibayo. Mayi anga anawatengera kunyumba kwathu. Ataona kuti zikuipa, analembera amalume ku Kansas, monga ankachitira chaka ndi chaka osayankhidwa zambiri. Ulendo uno amalume anakwera sitima. Anafika Lachisanu lapitalo, akutsimphina, chipewa chili m'manja, naima pakhomo la chipinda osatha kulowa.

Malemu anawazindikira. Pakamwa panali patapotoka, koma mawu anamveka. Asanayankhule mwana wawo, iwo ndi amene anayamba, kupempha kuti awakhululukire chifukwa cha nkhumba ija ndi chifukwa cha bambo ake. Amalume anagwada pambali pa bedi. Anaika mutu pa bulangete nalira monga mmene ndinali ndisanaonepo bambo wamkulu akulira. Agogo anakweza dzanja lamanzere, lomwe linali likugwirabe ntchito, nalisisita mutuwo kwa nthawi yaitali. Kenaka anati: "Imvi izi. Wafika pomera imvi, Lemuel." Atatero anatseka maso ngati munthu amene wamaliza kuwerenga katundu wake napeza kuti zakwana. Sanayankhulenso zomveka. Anatisiya Lachiwiri, pa 14 Malichi 1899, dzuwa litakwera, ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi ziwiri.

Dzulo madikoni anabwera kunyumba kudzatiuza kuti mpingo wakonza zoti malemu agone mumzere wa oyambitsa mpingo, pafupi ndi Mbusa Redd. Banja likuthokoza. Koma malemu anali atauza kale mayi anga kuti adzawaike kumapeto, m'mbali mwa mpanda, kuti asadzasowetse mtendere anthu amene anagona ndi mbiri yabwino. Tinayesa kuwatsutsa ali moyo, sanalole. Tsono sitingawatsutse lero pamene sangathe kuyankha. Benchi lakutsogolo linali ndi malo zaka zonsezi, ndipo kusendera kunali kosavuta iwo akadali ndi miyendo yoyendera. Tikatuluka muno tidutsa manda a akuluakulu, tipitirire mpaka kumpanda, ndipo aliyense ayende ulendo umenewo ndi maganizo ake.

Malemu asiya mwana wawo woyamba, a Hagar, amene anagulitsidwa ku Texas. Sitikudziwa ngati ali moyo, koma mayi awo ankawawerengera nthawi zonse, ifenso tawawerengera. Asiya mwana wawo wamkazi, mayi Chaney Tolliver, ndi mkamwini wawo Bambo Amos Tolliver, ndi adzukulu anayi a m'nyumba imeneyo: Isom, Rhoda, Calvin ndi ine Viney. Asiya mwana wawo wamwamuna, Bambo Lemuel Crenshaw, amene akhala apo pafupi ndi bokosi, ndi mpongozi wawo mayi Orlena amene atsala ku Kansas. Asiya adzukulu asanu ndi awiri a m'nyumba ya a Lemuel, amene sanawaonepo ndi maso: Josephus, Minerva, Elbert, Keziah, Luther, Ardelia ndi Silas. Asiyanso chidzukulu chimodzi, mwana wa a Minerva, wobadwa mwezi wathawu, amene sanapatsidwe dzina. Asanu ndi atatu omalizawa onse anabadwa pambuyo pa chaka cha 1877.

Ntchito yawo yatha, ndipo kumene apita sakafunikanso kugwadira munthu kuti amvedwe. Mayi Mahala Crenshaw apumule mu mtendere.